Mzere Woyamba Ukathina: Kusankha Njira Yoyambira Kuluka ndi Yokonzera M'mphepete

Kachipewa koyamba kamene ndinalukira mwana wa mchemwali wanga kankaoneka bwino zedi kali patebulo. Ulusi wachikasu, mizere yowongoka, pamwamba kampira kofewa. Tsiku lokaona khandalo tinayesa kuliveka, koma kachipewako kanangotsamira paliwombo ngati nkhata. Tinakokera uku, tinakokera uko, mwana nayamba kulira. Thupi la chipewa linkatamuka bwinobwino. Umene unakana ndi mzere umodzi wokha, wa pansi penipeni, womwe ndinayambira: unali gwa ngati waya wa mpanda.

Ndinadzudzula manja anga kwa miyezi ingapo, ndimvekere ndimakoka ulusi mopitirira. Kunena zoona manja anali ndi mlandu wochepa. Ndinkadziwa njira imodzi yokha yoikira masitichi, timphete ta ulusi tija, pa singano, ndipo njirayo sinali ya zipewa. Ophunzira kuluka ambiri amene ndakhala nawo pamkeka amagwa m'dzenje lomweli. Wowaphunzitsa anawaonetsa njira imodzi, iwo n'kumayambira nayo chilichonse, sikafu, sokosi, khosi la juzi, bulangete. Pamapatani olembedwa m'Chingerezi, kuyambaku amakutcha cast on, ndipo amangolemba CO ndi nambala, osanena kuti muyambe motani. Kusankha kumatsala ndi inu.

Zimene ndikuyezera

Funso lalikulu ndi ili: mkombero umene mukuyambawo, mudzadutsa chiyani? Ngati mudzadutsa mutu kapena chidendene, uyenera kutamuka n'kubwerera. Ngati ndi mzere wa mabatani kapena pakamwa pa thumba, uyenera kuima nji. Kupatula pamenepo, njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo wake, osati wa makwacha, chifukwa kuyamba kuluka sikugulidwa, koma ulusi umene imadya ndi nthawi imene imatenga kuti manja aizolowere. Kupezeka kwake, kutanthauza zida zofunika komanso ngati mungapeze munthu pafupi woti akuonetseni. Kasamalidwe kake, momwe mkomberowo umakhalira chovala chikachapidwa kambirimbiri, ndi momwe mungaukonzere ukaonongeka. Chomaliza ndi zovuta zake, zija zimachititsa wophunzira kuponya singano pansi.

Za singano tinene kaye pang'ono, chifukwa manambala ake amasokoneza anthu. Singano zakale za ku Britain nambala ikamakwera singano imawonda: nambala 8 ndi ya mamilimita 4, nambala 10 ndi ya 3.25, nambala 14 ndi ya 2. Za ku America n'zosemphana, nambala 8 ndi ya mamilimita 5. Choncho patani ikati nambala 8, yang'anani kumene inalembedwa. Enafe tinaphunzirira pa masipoko a njinga onoledwa pamwala, ndipo sipoko wamba ndi wa mamilimita 2. Ulusi wa DK, wokhuthala mwapakatikati, umene umagulitsidwa kwambiri wolukira za ana, umafuna singano ya mamilimita 4, pamene umapereka masitichi pafupifupi 22 pa masentimita 10. Mukauyambira pa sipoko, palibe njira imene ingakupulumutseni, mzere uthina basi.

Njira yoyamba: timphete ta pachala chachikulu, backward loop

Mumamanga mfundo yosololoka ija, yonga ya khwekhwe, n'kuiika pa singano. Kenako mumakulunga ulusi pachala chachikulu, kulowetsa singano m'kampheteko, kuchotsa chala, n'kukoka. Basi, sitichi yabadwa.

*Mtengo.* Palibe yotchipa kuposa iyi. Imadya ulusi wochepetsetsa ndipo mwana wa zaka 7 amaigwira tiyi asanazizire.

*Kupezeka.* Singano imodzi ndi chala. Pafupifupi aliyense woluka amaidziwa.

*Kasamalidwe.* Mkombero wake ndi wopyapyala, ulusi umodzi wokha ndiwo umagwira m'mphepete monse. Pamkono wa juzi ya mwana wa sukulu, pamene pamakhuzika padesiki tsiku ndi tsiku, ndi pamene pamayambira kuthothoka.

*Zovuta.* Apa ndiye pali nkhani. Njirayi ndi yosavuta poika, koma mzere wotsatira ndi chipsinjo. Timpheteti tilibe chotigwira pansi, ndiye mukamaluka sitichi iliyonse, ulusi wotsala umathawira ku sitichi yotsatira. Pofika pa sitichi ya 15 mumapeza chingwe chachitali chili lendelende pakati pa singano ziwiri, chikukulirakulira, ndipo masitichi a kutsogolo athina moti nsonga siikulowa. Wophunzira amaganiza kuti walakwitsa penapake, amamasula, amayambanso, zomwezo. Chithandizo chilipo: singano ziwirizo zisatalikirane, nsonga zizikhala ngati zikupsompsonana mpaka mzere utha. Koma ine ndinasiya kuphunzitsira njirayi anthu atsopano. Ndimaisungira pamene pakufunika masitichi ochepa pakati pa ntchito, monga atatu a pabowo la batani, kapena 6 a kukhwapa.

Njira yachiwiri: kuluka sitichi kuchokera mu inzake, knitted cast-on

Mfundo ili pa singano ya kumanzere. Mumalowetsa ya kumanja m'sitichi ngati mukuluka knit (sitichi yosalala ija yooneka ngati V), kukulunga ulusi, kutulutsa kamphete katsopano, koma m'malo mogwetsa sitichi yakale mumabweza katsopanoko pa singano ya kumanzere. Mukatero mumalowanso mu yatsopanoyo.

*Mtengo.* Ulusi umadya mwapakatikati, ndipo simuyenera kuyeza mchira. Ubwino wake weniweni ndi woti wophunzira akamaliza kuika masitichi 30, amakhala waphunzira kale knit ka 30. Phunziro limodzi, zipatso ziwiri.

*Kupezeka.* Singano ziwiri zomwe mulukire. Amayi ambiri a m'magulu a zosokasoka kumipingo amaidziwa, kaya dzina lake la Chingerezi sanalimvepo.

*Kasamalidwe.* Imatamuka ndithu koma sibwerera msanga. Pansi pa juzi yoyambidwa chonchi pamayamba kukhwepa ikachapidwa kangapo, makamaka ngati ulusi ndi wa thonje, umene mwachibadwa sunyutuka.

*Zovuta.* Mkombero umatuluka ndi timabowo, ngati mano a mwana amene akugula. Mukafuna kuutseka, mzere woyamba mulowetse singano kumwendo wa kumbuyo kwa sitichi iliyonse. Masitichi amapotoka n'kugwirana. Vuto lina ndi lakuti ena amaika kamphete katsopano pa singano mopotoza, ena mosapotoza. Zonse n'zololedwa, koma sankhani chimodzi mumalize nacho mzere. Mukasakaniza, mkombero umaoneka ngati alukapo anthu awiri osamvana.

Njira yachitatu: kulowa pakati pa masitichi awiri, cable cast-on

Iyi ndiyo inandichititsa manyazi pa kachipewa kaja. Masitichi awiri oyamba mumaika ngati m'njira yachiwiri, koma kuyambira yachitatu singano simuilowetsa m'sitichi, mumailowetsa pampata wa pakati pa masitichi awiri omalizira. Mkombero wake umatuluka ngati chingwe chopota, waudongo kumaso ndi kuseri komwe.

*Mtengo.* Ndi yochedwa. Masitichi 100 mungamve nawo nkhani zonse za pawailesi. Mchira suyezedwa, choncho palibe ulusi wotayika.

*Kupezeka.* Singano ziwiri, koma zikhale za nsonga yabwino. Singano zapulasitiki zobuntha zimavutitsa apa, makamaka ndi ulusi womasula ku juzi, umene umagawanika.

*Kasamalidwe.* Pa kulimba palibe yoiposa. Juzi idzatha, mkombero uli chilili. Sukhwepa, sufutukuka.

*Zovuta.* Kulimba komweko ndiye vuto lake, paja walira mvula walira matope. Sitamuka kwenikweni, ndipo m'manja mwa munthu wokoka ulusi imasanduka waya. Chinsinsi chake n'chaching'ono: mukangoika sitichi yatsopano pa singano ya kumanzere, musakoke ulusi kaye. Yambani mwalowetsa singano ya kumanja pampata wotsatira, kenako kokani. Singanoyo imasunga malo, mpata suthina. Ngati mupitirire ndi rib, mizere yotamuka ija ya pamikono ya juzi, ya knit imodzi purl imodzi (purl ndi sitichi ya katotupa, kuseri kwa knit), pali mtundu wina wa njirayi umene mumasinthasintha, kulowa pampata kuchokera kutsogolo ngati knit, kenako kuchokera kumbuyo ngati purl. Umenewo umatamuka bwinoko ndipo umalowerana ndi rib mosaonekera msoko.

Njira yachinayi: ya mchira wautali, long-tail

Ndikanati ndiphunzitse munthu njira imodzi yokha moyo wake wonse, ndikanasankha iyi. Mumasiya mchira wautali musanamange mfundo. Mchirawo umakhala pachala chachikulu cha kumanzere, ulusi wa kumpukutu pachala cha mkombaphala, zala ziwirizo zitatambasuka ngati mphanda ya legeni. Singano imakwera m'kamphete ka pachala chachikulu, kukatenga ulusi wa pamkombaphala, kubwerera nawo m'kamphete komweko, chala n'kuchoka. Ena amagwira mwamtundu wina: mchira wokha pachala chachikulu cha kumanzere, dzanja lamanja n'kumakulunga ulusi wa kumpukutu pa singano monga poluka knit. Zotuluka zake n'zofanana, musalole wina akuuzeni kuti yanu ndi yolakwika.

*Mtengo.* Masiku awiri kapena atatu okhumudwa, kenako imathamanga kuposa zonse. Pa ulusi, msonkho wake ndi mchira. Muyeso umene sunandigwiritsepo mwala ndi uwu: mchira ukhale wotalika katatu kuyerekeza ndi m'lifupi mwa chimene mukuluka, muonjezepo masentimita 15 odzasokera. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita pafupifupi 34 kapena 35. Kachipewa ka masitichi 72 a DK kamatuluka masentimita 33, ndiye mchira wa mita imodzi ndi masentimita 15 ukwanira. Njira ina yoyezera ndi kukulunga ulusi pa singano ka 10, kuumasula, kutalika kwakeko n'kukuona ngati kwa masitichi 10, kenako kuwerengera ena onse.

*Kupezeka.* Singano imodzi yokha. Pa YouTube mavidiyo ake ndi osawerengeka, koma bandulo imatha msanga ngati mukubwereza kambirimbiri. Kukhala pambali pa munthu woidziwa, mapewa atagundana kuti muone zala zake monga mungaonere zanu, kumaposa kumuyang'ana maso ndi maso, pamene zonse zimaoneka chagada.

*Kasamalidwe.* Imalimba, imatamuka, imabwerera. Chifukwa chake n'chakuti njirayi imaika timphete n'kutiluka nthawi yomweyo, ndiye mzere woyamba wa knit umakhala walukidwa kale. Izi zili ndi tanthauzo lina limene ambiri salidziwa. Mukatembenuza singano kuti muyambe, mbali imene yakuyang'anani ili ndi timatotupa ta purl. Ngati mukuluka chosalala, chija cha mzere wa knit mzere wa purl, yambani ndi purl kuti mbali yosalala ya mkombero igwere kumaso kwa chovala. Mukayamba ndi knit sichilakwika, koma pansi padzaoneka kamzere ka timatotupa.

*Zovuta.* Choyamba chimadziwika ndi aliyense amene anaiyesapo: patani ikufuna masitichi 120, mchira wathera pa 113. Palibe kuchitira mwina, kumasula. Pa zinthu zazikulu ngati bulangete la masitichi 200, limene mchira wake ungayandikire mamita atatu, musayeze n'komwe. Tengani nsonga ziwiri za ulusi, ya kunja kwa mpukutu ndi ya m'kati, kapena za mipukutu iwiri, muzimangire pamodzi mfundo yosololoka, wina ukhale pachala chachikulu wina pamkombaphala. Mukakwanitsa masitichi mudule umodzi. Mfundo ija musaiwerenge, mudzaigwetsa n'kuimasula pomaliza mzere woyamba.

Chachiwiri ndi kuthina, ndipo apa ndikutsutsa malangizo amene amafala kwambiri. Anthu amati yambirani pa singano yaikulu, kapena gwirizanitsani singano ziwiri. Zimathandiza kuti nsonga ilowe mosavuta pa mzere wotsatira, koma sizifutukula mkombero kwenikweni. Singano yaikulu imakulitsa kamphete ka pamwamba, kochokera ku ulusi wa pamkombaphala. Umene umamanga mkombero ndi ulusi wa pachala chachikulu, uja umagona pansi kulumikiza sitichi ndi inzake. Mukaukoka mpaka masitichi kupanikizana ngati anthu m'minibasi, mkombero uthina ngakhale singano ikhale yonenepa ngati mthiko. Mankhwala ake ndi mpata. Mukamakoka sitichi yatsopano, ikani nsonga ya chala pa singano kuti itsekereze, sitichiyo ikhale patali pang'ono ndi inzake, mpata woti ulusi wina umodzi ungagonepo. Yesani masitichi 20 mopanikiza, ena 20 motalikitsa, mukoke zonse ziwiri. Manja anu adzakuuzani okha.

Chachitatu n'chaching'ono: mchira umamasuka kupota kwake mukamapita, n'kuyamba kugawanika. Muziutaya pansi mwa apo ndi apo kuti uzungulire wokha ubwerere m'chimake.

Njira yachisanu: German twisted

Ndi mng'ono wake wa long-tail, ena amaitcha Old Norwegian. Zala zimagwira chimodzimodzi, koma singano imayamba yadutsa pansi pa ulusi wonse uwiri wa pachala chachikulu, n'kulowa m'kamphete kuchokera pamwamba, isanakatenge ulusi wa pamkombaphala. Kupotoza koonjezerako kumasunga ulusi wambiri pansi pa sitichi iliyonse.

*Mtengo.* Imadya mchira wochulukirapo, choncho muonjezere pa muyeso uja. Musaiphunzire long-tail isanakhazikike m'manja.

*Kupezeka.* Zida n'zomwezo, koma oidziwa ndi ochepa. Mwina mudzaiphunzira pafoni.

*Kasamalidwe.* Pakamwa pa sokosi yoyambidwa chonchi pamadutsa chidendene n'kubwerera kukagwira mwendo, chaka ndi chaka.

*Zovuta.* Mukaiwala kupinda chala chachikulu kuti kamphete katseguke, singano imakodwa ndipo mumatuluka ndi mfundo. Mkombero wake ndi wokhuthala pang'ono, wosayenera nsalu yopepuka.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kuyamba ndi koroshe

Amene anayamba ndi koroshe asanagwire singano ziwiri, iyi ndi yawo. Mumaluka tcheni, koma kamphete kalikonse kamakumbatira singano yolukira. *Mtengo* ndi kakoroshe kamodzi ka saizi yofanana ndi singano, ndipo *kupezeka* kwake sikuvuta poti koroshe ali m'nyumba zambiri. Pa *kasamalidwe*, mkombero wake umafanana ndendende ndi uja umatuluka potseka masitichi kumapeto, ndiye sikafu imaoneka chimodzimodzi uku ndi uku. *Vuto* lake ndi la tcheni chilichonse: mukachikoka chimathina. Mukachita njirayi ndi ulusi wina wotsala wa mtundu wosiyana, mumatha kudzamasula tchenicho pambuyo pake n'kupeza masitichi amoyo, osatsekedwa, oti mulukire chotsika. Pa juzi ya mwana amene akukula ngati bowa, zimenezi n'zothandiza.

Mawu amodzi kwa oluka mozungulira, pa singano za chingwe kapena zinayi zija: njira iliyonse imene mwasankha, musanalumikize yalani ntchito patebulo muone kuti mkombero wonse wayang'ana m'kati. Ukapotoka pa singano n'kulukapo mizere ingapo, sukonzeka, ndi kumasula basi. Ngati maso akukuvutani, lukani mizere iwiri mopita ndi kubwerera, mulumikize pa wachitatu, kampata kotsalako mudzasoke ndi mchira.

Sitichi yosamutsa, imene patani imalemba sl

Mukadutsa mzere woyamba, chachiwiri chimene chimaliza ophunzira ndi m'mphepete mwa kumanja ndi kumanzere. Apa ndi pamene pamabwera slip stitch, kutanthauza kusamutsa sitichi kuchoka pa singano ya kumanzere kupita ya kumanja osailuka. Zimamveka zachibwana, koma pali mafunso awiri amene patani nthawi zambiri siyankha: singano ilowe chotani, ndipo ulusi ukhale mbali iti?

Lamulo ndi ili. Patani ikangoti sl osafotokoza, lowetsani singano ngati mukufuna kuluka purl. Sitichi imasamuka ili chikhalire, osatembenuka. Mukalowetsa ngati knit, sitichi imatembenuka, ndipo mzere wotsatira imatuluka yopingasa miyendo ndi yothina. Kusamutsa ngati knit kuli ndi malo ake, pochepetsa masitichi, monga pa ssk kapena sl1 k1 psso, pamene kutembenukako n'kofunika kuti sitichi igonere kumanzere.

Za ulusi, patani ikalemba wyif ndiye kuti ulusi uli mbali yoyang'ana inu, wyib uli mbali ya kutali ndi inu, kaya mukuluka kumaso kwa chovala kapena kuseri. Kachingwe kopingasa kamene kamatsala podutsa sitichi yosamutsidwa kamagona mbali imene kunali ulusi. Mukaona timizere topingasa kumaso kwa ntchito pamene sitikufunika, ulusi unali kolakwika. Ndipo posuntha ulusi kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, uzidutsa pakati pa nsonga ziwiri, osati pamwamba pa singano. Ukadutsa pamwamba mwabereka sitichi yatsopano ndi kabowo pansi pake. Ndi mmene sikafu yoyamba ndi masitichi 30 imafikira 37 mwini wake akulumbira kuti sanaonjezere kanthu. Gwero lina la masitichi obadwa okha ndi sitichi yoyamba ya mzere: mukakokera ulusi m'mwamba kudutsa pa singano, sitichi ya pansi imakwera n'kuonetsa miyendo iwiri, inu n'kuluka yonse. Musanayambe mzere, ulusi uzilendewera pansi.

Tsono m'mphepete muli zosankha zitatu.

Kuluka masitichi onse, osasamutsa iliyonse, kulibe mtengo uliwonse ndipo aliyense angathe. M'mphepete mumatuluka timfundo kapena masitichi osalingana, koma ngati mbaliyo idzasokedwa ndi inzake, ndiyo njira yabwino, chifukwa mzere uliwonse umapereka pogwira singano yosokera ndipo msoko umalimba. Sitichi ya m'mphepete ikamakhwepa, musalimbane ndi yoyambayo. Ilukeni, mulowetse singano mu yachiwiri, pamenepo ndiye mukoke ulusi.

Kusamutsa sitichi yoyamba ya mzere uliwonse kumapereka m'mphepete mooneka ngati tcheni, diso limodzi pa mizere iwiri iliyonse. Ulusi sikudya, kuphunzira ndi kwa mphindi zochepa, ndipo pa sikafu kapena shawelo kumakongola kwabasi. Pa ntchito ya knit yokhayokha, samutsani ngati purl ulusi uli kutsogolo, kenako muudutsitse pakati pa nsonga kupita kumbuyo, mupitirize. Ena amakonda kusamutsa yomaliza n'kuluka yoyamba. Tcheni chake n'chofanana. Choopsa ndi kuphatikiza ziwirizi, kusamutsa yoyamba ndi yomaliza pa mzere uliwonse. Sitichi ya m'mphepete ikatero silukidwa n'kamodzi komwe, imangokokedwa kukwera, mpaka mbali yonse ikhwinyata ngati thumba lomangidwa pakamwa. Kuipa kwina n'koti msoko wosokedwa pa tcheni umakhala ndi mipata, mphepo ya Chiperoni n'kumalowera pomwepo. Ndipo mukadzafuna kutola masitichi a mzere wa mabatani, tcheni chimakupatsani imodzi pa mizere iwiri, pamene nsalu yosalala imafuna pafupifupi atatu pa mizere inayi, ndiye mzere wa mabatani umakoka juzi. Koma pa chidendene cha sokosi tcheni ndi bwenzi: mizere 32 imapereka maso 16 owerengeka bwino, otoleka mosavuta.

Yachitatu ndi kusamutsa masitichi atatu omaliza ulusi uli kutsogolo, n'kuwaluka knit pobwerera. M'mphepete mumakulungika ngati kachingwe kozungulira, kolimba, koyenera bulangete limene lidzakokedwa ndi kuchapidwa kosalekeza. Njirayi imafuna dzanja lomasuka, apo ayi m'mbali mumafupika kusiyana ndi pakati.

Chimene sitichi yosamutsa singachite, ngakhale ena amalonjeza, ndi kuletsa nsalu yosalala kupindika. Kupindikako kumachokera m'mapangidwe a knit ndi purl, osati m'mphepete. Sikafu yanu ikamadzikulunga ngati mkeka, imafuna malire a masitichi anayi kapena asanu a knit yokhayokha mbali zonse.

Ngati mwaluka kale ndipo mkombero wathina

Simuyenera kumasula chovala chonse, ngakhale ine kachipewa kaja ndinamasula chifukwa chosadziwa. Kuluka sikumasuka bwino kuchokera pansi, makamaka rib, imene imakodwa pa sitichi iliyonse. Chochita ndi kudula ulusi umodzi pa mzere wa pamwamba pa rib, kuusolola sitichi ndi sitichi ndi singano yosokera, mpaka chigawo cha pansi chichoke. Masitichi amoyo otsalawo muwatolere pa singano, muluke rib yatsopano chotsika, mutseke momasuka. Mtima umagunda podula, koma zimatheka.

Tsono musankhe iti

Ngati lero ndi tsiku lanu loyamba kugwira singano ndipo mukungofuna kansalu koyeserera, yambani ndi knitted cast-on, musasamutse sitichi iliyonse, muziwerenga masitichi pakutha pa mzere uliwonse. Sabata yachiwiri phunzirani long-tail.

Kachipewa ka khanda, makamaka ka ana obadwa masiku asanakwane amene amafunditsidwa pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaroo, kamafuna long-tail yotalikitsa masitichi kapena German twisted. Cable isayandikire pamenepo. Mukamaliza, lowetsani manja anu awiri m'kachipewako mutambasule. Mkombero ukaima thupi la chipewa lisanaime, konzani musanakapereke.

Masokosi oyambira kumwendo, German twisted, ndipo tcheni cha m'mphepete muchisungire chidendene. Juzi ya sukulu yoti ipirire June ndi July wa ku Dedza kapena ku Mzuzu, long-tail pansi ndi pamikono, m'mbali osasamutsa kanthu poti mudzasoka, backward loop pamabowo a mabatani pokha. Mzere wa mabatani wolukidwa padera, pakamwa pa thumba, chikwama, kapena masitichi oonjezera kumayambiriro kwa mzere, pamenepo cable ndiye mwini malo. Sikafu ndi shawelo, yambani ndi koroshe kuti nsonga ziwiri zifanane, m'mbali tcheni. Bulangete lalikulu, long-tail ya nsonga ziwiri.

Ngati ulusi wanu ndi womasula ku juzi ya pakaunjika, yang'anani misoko musanagule. Juzi imene misoko yake inadulidwa n'kupitidwa ndi makina a ovaloko imatuluka tizidutswa ta mzere umodziumodzi, pamene yolumikizidwa ndi kamsoko konga tcheni imamasuka ulusi wautali. Ulusiwo umabwera wopiringizika, ndipo ukayambidwa choncho masitichi salingana pa njira iliyonse. Ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange malo anayi, muuviike m'madzi ofunda, muuyanike pamthunzi. Ukauma muyambire knitted cast-on kapena koroshe, poti ulusi wotere, umene nthawi zambiri umakhala timaulusi tingapo tongogona pamodzi, umabalalika msanga pachala chachikulu mukauyesa long-tail.